A Zibowo ndi kadzidzi wa pa tchalitchi

Atsibweni anga, a Lefani Mbewe, amene dera lonse la Nsaru linkawadziwa ndi dzina loti a Zibowo, tinawaika m'manda Lachinayi lapitali popanda nyimbo ya mpingo. Munthu amene anamanga tchalitchi chathu kuyambira pa maziko mpaka pa malata, bokosi lake linatuluka m'nyumba kuli zii, ngati tikukabisa katundu wakuba. Mpaka lero mutu wanga sukugwira.

M'mawa wa tsikulo, amayi a mpingo atavala kale zoyera zawo, kunafika mlembi wa seshoni, bwalo la akulu a mpingo, a Chimwaza, buku lili m'khwapa. Anandikokera kuseri kwa chigafa, poti ine ndiye ndinkayendetsa zonse pamaliropo. Anati mpingo sungathe kugwira mwambo, chifukwa malemu anachotsedwa pa mgonero ndipo sanabwezeretsedwe. Mkulu wa mpingo mmodzi akapemphera kumanda, basi.

Amene amandidziwa akudziwa kuti ndili ndi mtima wapachala. Ndinakalipa mpaka adzukulu amene ankakonzeka kukakumba manda anatembenuka, makasu ali m'manja. Ndinafunsa kuti ndi chitsiru chiti chinakasumira nkhalamba imene sinabepo ngakhale dzira la munthu. A Chimwaza ananyowetsa chala, anatsegula masamba mwachifatse, n'kundilozera mzere. Panali dzina langa, Fanuwelo, lolembedwa ndi dzanja langa lomwe.

Sikuti ndinali nditaiwala, ayi. Koma papita zaka khumi ndi chimodzi, abusa asintha kawiri, ndipo ine ndinkayesa kuti nkhani ija inauma yokha. Sindinkadziwa kuti mlandu wa m'buku umakhala momwemo mpaka wosumiridwa akavomere kulakwa, kapena wosumira akabweze mawu ake. Atsibweni sanapite chifukwa analibe choti avomere. Ine sindinapite chifukwa ndine ine.

Ndiyambe ndi mmene ankagwirira ntchito, chifukwa mlandu wonse unachokera pamenepo.

Anali munthu wamfupi, wamapewa otakata, pensulo pakhutu ngakhale pa ukwati. Mukawaitana kuti akumangireni nyumba, tsiku loyamba sankakhudza chingwe kapena chikhomo. Ankafika m'mawa, n'kukhala pa chitsa, n'kumangoyang'ana malowo mpaka dzuwa litafika pamutu. Eni nyumba ankang'ung'udza kuti mmisiri wake ndi waulesi. Iwo ankati akufuna adziwe kaye amene akukhala pamalopo, chifukwa palibe malo amene munthu amawapeza opanda eni. Ankati ukathamangitsa onse, amene amatsala ndi okhawo osathamangitsika, makoswe, chiswe ndi udzudzu, ndiye uzigona nawo wekha.

Ndiye nyumba zawo zinali ndi zibowo. Pansi pa malata, mbali ya khonde, ankatulutsa njerwa imodzi pang'ono kuti anamzeze apeze pomata chisa. Pa khoma la khitchini ankasiya kampata kopyapyala kolowera mileme, kotsekedwa mkati, kuti izidya udzudzu koma isalowe m'nyumba. Pamene madzi a padenga amagwera ankaunjika miyala yosamata, ati ndi mudzi wa abuluzi ndi achule. Kuseri ankapachika chipika chouma chobooledwa ndi msomali wamoto, kuti njuchi zazikulu zakuda zija zoboola mitengo zizilowa mmenemo, zisiye mapaso a denga. Zonsezi anthu ankazipirira, ena ankaseka. Chimene chinkawaimitsa mutu ndi bowo la pa gebulo, pamwamba penipeni pa khoma, pamene malata a mbali ziwiri amakumana. Muyezo wake unali chivundikiro cha chitini cha penti chimene ankayenda nacho m'chikwama. Kuseri kwa bowolo ankakhoma bokosi la matabwa. Imeneyo inali nyumba ya kadzidzi.

Kodi alipo munthu kwathu kuno amene amafuna kadzidzi padenga pake? Mbalame imene ikalira, amayi amayamba kuwerenga ana?

Nzeru imeneyi anaitola ali mnyamata, akumanga mabalani a fodya m'maesiteti a cha ku Mchinji. Ankasimba kuti panali mashedi awiri osungiramo chimanga cha antchito. Ina inali yomatidwa bwino, ina inali ndi khoma logumuka pamwamba momwe munkagona akadzidzi. Mu yomatidwa bwinoyo matumba ankasoka sabata iliyonse, makoswe atawaboola. Mu inayo ayi. Anayamba kutola timibulu taubweya timene kadzidzi amalavula akadya, n'kumatiphwanya ndi kamtengo. M'kati munkakhala zigaza za makoswe ndi mbewa zokhazokha. Kuyambira pamenepo palibe amene akanawauza kanthu. Ankati mphaka amagwira khoswe akafuna, ndipo amakuberanso usipa, pamene kadzidzi wa ana atatu sapuma ndipo sapempha mkute.

Mikangano inali yosatha. Mwini golosale wina pa Nsaru anawauza kuti akufuna khoma losalala ngati la m'tauni. Atsibweni anapukuta mpeni wawo womangira, anamanga levulo yawo yoyezera khoma pa njinga, n'kusiya khoma lili m'chiuno. Mkazi wa mphunzitsi wina anabwera kudzawatukwana kuti anamzeze akumuipitsira pakhonde. Iwo anapita, anakhoma kathabwa pansi pa chisa kolandira zitosi, n'kumuuza kuti azikapala n'kukathira ku dimba la mpiru. Ngakhale akazi awo, a Nabanda, ankadandaula kuti anakwatiwa ku nkhalango, poti mtsuko sungakhale pakhonde osavundikira. Iwo ankangoti mayi, kodi mwagulako liti mankhwala a udzudzu?

Ndi ine ndiye tinkakangana kwambiri. Ine ndinafika fomu folo, ndipo ndinkadziona ngati wotsogola. Zokhulupirira kuti kadzidzi ndi ndege ya afiti ndinkaziseka pagulu, koma zibowo ndinkadana nazo chifukwa cha uve. Pamene ankandimangira nyumba yanga ndi kasitolo kosungiramo chimanga kuseri kwake, ndinawauza m'maso muli gwa kuti ndikaona bowo limodzi, ndigwetsa khoma lonse. Anati chabwino iwe Fanuwelo, suliona. Mawu amenewo ndinawamva ngati kugonja.

Tchalitchi anachimanga pa nyengo imene makuponi a feteleza anali atangoyamba, anthu atakolola bwino, njerwa titawotcha tokha mauvuni awiri. Ine ndinali wapampando wa komiti ya chitukuko. Kumbuyo kwa tchalitchicho kuli kachipinda komwe timasungira chimanga cha masika, chimene akhristu amapereka akakolola. Pamwamba pa kachipindako, pa gebulo la kumbuyo, atsibweni anasiya bowo lawo. Sanabise. Titafunsa anati ndi lolowera mpweya ndi mlonda. Tinaseka, tinkayesa akunena nthabwala.

Kwa zaka ziwiri chimanga cha masika sichinabooledwe thumba ndi limodzi lomwe. Palibe amene anafunsa chifukwa chake. Chaka chachitatu anthu oyandikana ndi tchalitchi anayamba kunena kuti akumva kadzidzi akulira padenga la nyumba ya Mulungu. Sabata yomweyo mkazi wa mkulu wa mpingo wina anamwalira mwadzidzidzi, atangodandaula mutu. Pobwera kumanda nkhani inali itapsa kale, yoti mmisiri anaika chinthu m'denga. Anthu anayamba kundiyang'ana ine, wapampando, mwana wa mlongo wake. Ena ankandilonjera mozemba.

Ndinene mosabisa. Sindinakhulupirire kuti atsibweni ndi mfiti, ngakhale tsiku limodzi. Ndinapsa mtima chifukwa anandichititsa manyazi, ndipo ndinkafuna anthu aone kuti ine sindili nawo. Ndinalemba kalata ku seshoni kuti anaika m'nyumba yopemphereramo chinthu chosavomerezedwa ndi komiti, chokhumudwitsa akhristu. Ndinkaganiza kuti akawadzudzula, atseka bowolo, zithera pomwepo.

Atawaitana, akulu anawafunsa modekha ndithu. Zikanatha bwino akanangoti pepani. Koma atsibweni anabwera ndi umboni. Anatulutsa kampango m'thumba la jekete, n'kukamasula patebulo, pafupi ndi Baibulo la abusa. Munali timibulu tija, tina tathunthu, tina tophwanyidwa: ubweya, timafupa, tizigaza tokhala ndi mano achikasu. Anayamba kutindandalika ndi chala, ati awerenge makoswe amene mlonda wawo wagwira sabata imodzi.

Sanafike pa chigaza chachitatu. Mkulu mmodzi anadumpha mpaka mpando unagwa. Wina anayamba kupemphera mokweza, atatsinzina. Mkulu amene anaferedwa mkazi uja anatuluka osatsanzika. Atsibweni anawayang'ana onse modabwa, akubwereza kuti abale anga, awa ndi makoswe, onani mano. Kwa iwo chinali chinthu choonekeratu ngati khoma lopindika. Sanaganizepo kuti munthu woganiziridwa ufiti sabwera ndi mafupa m'kampango. Tsiku lomwelo anawachotsa pa mgonero mpaka adzavomere kulakwa ndi kutseka bowolo. Iwo anapinda kampango kawo, n'kunena kuti sangapepese kwa Mulungu chifukwa chopatsa malo mbalame imene Mulunguyo analenga.

Lolemba lotsatira ndinatenga makwerero ndekha. Anthu anasonkhana ngati pali msonkhano wa chipani, koma ataima patali. Palibe anafuna kuyandikira khomalo. Ndikusakaniza matope, ndinangoona atsibweni atulukira, akukankha njinga.

Sanakalipe. Anandiuza pansipansi kuti m'bokosimo muli ana atatu, nthenga zayamba kumera, ndidikire masabata atatu okha auluke, kenako nditseke ngati ndikufuna. Ndinakana. Anati ndiye ndiwatulutse kaye, ndiwatsitsire mu ndowa. Ndinakananso, ndipo ndinakweza mawu kuti anthu amve. Chilungamo chake n'chakuti ndinkaopa kupisa dzanja mmenemo, ine wa fomu folo yemwe. Anapempha kuti akwere okha, akulu a mpingo anati munthu wochotsedwa asakhudze nyumba ya Mulungu.

Atsibweni anawerama, anatapa matope anga ndi zala, anawafikisa.

"Mchenga wachuluka," anatero. "Izi zikauma zing'aluka."

"Zing'aluke, si zanu."

"Zikang'aluka mulowa mpweya, ndiye afa pang'onopang'ono, mwina sabata yathunthu. Ngati watsimikiza kutseka, iwe Fanuwelo, tseka bwino."

Analanda fosholo m'manja mwanga, anawonjezera simenti, anasakaniza okha mpaka matope anafika pamene amafuna. Nditayamba kukwera, makwerero anagwedezeka, poti pansi panali potsetsereka ndipo aliyense anali patali. Ndinayang'ana pansi. Anali atsibweni atagwira makwererowo ndi manja awiri, phazi litaponda pa thabwa loyamba, nkhope atayang'ana kumbali. Anagwira choncho mpaka ndinamaliza. M'katimo ndinkamva kufwenthera ngati mpweya ukutuluka m'tayala, ndipo nditaika njerwa yomaliza sindinamvenso. Nditatsika anangoti pulasitala ndiithire madzi masiku atatu, anakwera njinga, n'kumapita.

Oyandikana ndi tchalitchi anati kadzidzi wamkulu anabwerabwera kwa masiku angapo, akukanda pa simentipo. Kenako anasiya.

Chaka chomwecho makoswe analowa. Anaboola matumba a masika, anadya mabuku a nyimbo, anatafuna nsalu ya patebulo la mgonero. Komiti yanga inagula mankhwala akupha, n'kuwathira mu gaga. Makoswe anakafera m'denga, ndipo Lamulungu lina kunatentha kwambiri moti abusa anafupikitsa ulaliki, amayi atatseka mphuno ndi zitenje. Kunafa amphaka awiri a m'mudzi ndi nkhuku za anthu zimene zinatola gagayo. Patangotha mwezi makoswe ena anabwera. Aliyense ankaona, koma palibe ananena. Ine ndinkangoti vuto ndi chitseko.

Atsibweni sanasiye kupemphera. Anasamuka pa benchi ya akuluakulu kutsogolo, n'kukakhala pa benchi yomaliza, yotsamira khoma la kachipinda ka chimanga. Ankafika woyamba, ankakuntha zitosi za makoswe pabenchipo ndi chipewa, n'kukhala. Tsiku la mgonero, ikafika nthawi yoti osadya atuluke, ankatuluka limodzi ndi ana a Sande sukulu, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mthethe. Ine ndinkawaona pa zenera, kapu ili m'manja. Zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkadziuza kuti ndi makani awo.

Ndipo sanandikwiyire moti ndione. Chimenechi ndiye chinkandipsetsa mtima koposa. Ntchito zinawachepera, chifukwa anthu ambiri ankaopa kuitana mmisiri wa mafupa, koma kwanga ankabwerabe chaka chilichonse mvula isanayambe, ati adzaone ngati malata a kasitolo akudontha. Ankakwera, ankagogodagogoda, ankatsika, ankamwa thobwa. Ine ndinkawanyadira pamaso kuti onani atsibweni, nyumba yopanda zibowo, koma khoswe sapondamo, nkhani ndi ukhondo basi. Ankangoti eti, n'kupukuta pakamwa.

Lachinayi lija, titabwera kumanda, ndinakakhala pansi pafupi ndi a Nabanda kuti ndipepese. Ndinawauza kuti sindinkadziwa kuti dzina lawo likadali m'buku. Anati iwo ankadziwa, ndipo kangapo konse anawauza amuna awo kuti akandiuze ndikabweze kalata ija. Atsibweni ankakana. Ankati mwanayo akadzaona yekha adzapita, ukamukankha amalimba ngati bulu.

Kenako anandiyang'ana, maso ali ofiira, n'kundiitana ndi dzina la mwana wanga.

"Kodi bambo a Tiyamike, kasitolo kanu kaja, mbali imene kayang'ana mabulugamu, munayamba mwaimako n'kuyang'ana m'mwamba?"

Sindinadikire kuti anthu abalalike. Ndinapalasa njinga mpaka kwathu, ndinazungulira kuseri, kumene timataya zinyalala, kumene ine sindipitako. Bowo lilipo. Kukula kwake chivundikiro cha chitini cha penti, lobisika pansi pa lata limene analipinda dala. Pansi pake, mu udzu, timibulu taubweya. Ndinaphwanya kamodzi ndi kamtengo. Kachigaza, mano achikasu.

Mkazi wanga anandipeza nditagwada pamenepo. Anati wakhala akusesa timibuluto m'mawa uliwonse kuyambira chaka chimene tinalowa m'nyumbayi, ndipo atsibweni akamakwera padenga paja ankakhala akuyeretsa bokosi. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati mukanatani, bambo? Tonse tikudziwa chimene ndikanachita. Zaka zonsezi ndikamva kadzidzi ndinkagenda miyala m'mabulugamu, ndikutukwana aneba kuti sadula mitengo yawo. Ana anga akula ndi chimanga chimene chinalonderedwa ndi mbalame yomweyo imene ndinachotsetsera atsibweni pa mgonero.

Loweruka ndinapita kwa a Chimwaza ndi kalata yobweza mawu anga. Anailandira ndi manja awiri, anaiwerenga yonse, anati ailowetsa m'buku. Ndinafunsa ngati dzina la malemu lingabwezeretsedwe. Anati seshoni imabwezeretsa munthu amene angaimirire kutsogolo n'kuyankha. Anawonjezera kuti ndikanabwera nayo mwezi watha, atsibweni akudwala, abusa akanawapititsira mgonero kunyumba. Kuchokera kwathu kufika kwa a Chimwaza ndi ulendo wosatopetsa ngakhale mwana.

Dzulo Lamulungu ndinalawirira ku tchalitchi anthu asanafike. Ndinayamba ndazungulira kumbuyo. Khoma lija lakalamba, pulasitala yayamba kusuwa, mng'alu watsika kuchokera pa zenera la kachipinda mpaka pa maziko. Koma pa gebulo, pamene panali bowo, pali chigamba chozungulira chotuwa, chosalala, chopanda mng'alu ndi umodzi womwe. Pa khoma lonselo, pamene palimba kwambiri ndi pamenepo. Matope ake anasakaniza ndi iwo.

M'kati, benchi yomaliza ili pomwe inali. Kumapeto kwake, mbali ya khoma, thabwa linachita kuwala ndi kukhalidwa, ndipo pa khomapo pali banga lakuda pamene ankatsamiritsa mutu. Msomali umene ankakolekapo chipewa ulipo. Anthu atayamba kulowa anadzaza mabenchi onse, ena anaimirira pakhomo, koma pamalo pajapo sipanakhale munthu. Zitosi za makoswe za sabata yonse zinali mbwee pathabwapo, ndipo panalibe wozikuntha.